Ufa wa Maliro Anga

Chinayamba ndi kachifuwa kouma m'mwezi wa Okutobala, chaka cha 1994. Ine ndinkati ndi utsi. Ntchito yanga inali yokazinga mandasi, ndipo munthu woweramira chiwaya m'mawa uliwonse sadabwa akatsokomola. Ndinkakhala ku Area 25 m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, ine ndi ana anga awiri, Feliya wa zaka khumi ndi zitatu ndi mlongo wake Lonjezo wa zaka zisanu. Bambo awo anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, atagundidwa ndi lole pamsewu waukulu akupalasa njinga kupita kuntchito ku Kanengo. Kuyambira pamenepo chakudya cha pakhomo chinkachokera m'mandasi amene ndinkakagulitsa pageti pa fakitale ya fodya.

Chifuwa chija sichinathe. Ndinagula mapiritsi pa okala, ndinamwa madzi a mandimu, ndinafundira masamba a bulugamu owiritsa, koma ayi ndithu. Pofika Novembala ndinayamba kutuluka thukuta pogona mpaka chofunda kunyowa ngati ndachichapa. Madzulo aliwonse thupi linkatentha, chakudya osalowa, ndipo siketi imene kale inkandithina ndinayamba kuigwira ndi pini. Mayi wina wa kumpingo anati ndi tsempho, choncho ndinapita kwa sing'anga wina ku Mgona, amene anandipatsa mizu yowawa n'kunditayitsa milungu ingapo. Chipatala ndinkachiopa. Masiku amenewo munthu ukaonda anthu ankakuweruza ndi maso okha, ndipo kupita kuchipatala kunali ngati kuvomera mlandu.

Anthuwo sanadikire dokotala. Makasitomala anga a pageti anayamba kundidutsa n'kumakagula kwa mnzanga wa pambali. Pampopi amayi ankasiya kulankhula ndikafika, ndipo ndikachoka wina ankatsuka kaye mpopiwo asanatunge. Mawu ankandipeza kudzera mwa ana: akuti amake Feliya ali ndi kaliwondewonde, akuti ngakhale mwamuna wawo anapita ndi matenda omwewo. Anthu omwewo anaiona ndi maso awo njinga ya mwamuna wanga itapindika ngati waya, ena ananyamula nawo bokosi lake, koma tsopano anamusinthira imfa kuti igwirizane ndi miseche yawo. Ndipo ngakhale akanakhala matenda amenewo, kodi wodwala matenda amenewo sadya? Funso limeneli ndimalifunsabe mpaka lero.

Sabata ya Khirisimasi ndinalavula magazi m'mawa ndikusonkha moto. Feliya anaona. Sanalire, anangonditengera chitenje n'kuima pakhomo mpaka ndinanyamuka. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anatitumiza ku chachikulu cha m'tauni. Kumeneko anandipatsa timabotolo tolavuliramo makhololo, anandijambula m'chifuwa, n'kundiuza kuti ndibwererenso. Zotsatira zinatuluka kumayambiriro kwa Januwale.

Dokotala anali wachinyamata, wotopa, koma anandiyang'ana kumaso polankhula. Anati: "Mayi, muli ndi chifuwa chachikulu, TB. Matendawa amachira. Koma mwachedwa kubwera, mapapo anu aonongeka mbali imodzi. Mugona kuno miyezi iwiri, jakisoni tsiku lililonse, osadumphitsa. Mukatuluka muzikamwa mapiritsi kunyumba miyezi isanu ndi umodzi."

Ndinamufunsa za ana. Iye anafunsa ngati ndilibe achibale. Abale anga anali kwathu ku Ntcheu, mayi anga atakalamba, ndipo chaka chimenecho nkhokwe kumudzi zinali zitauma. Ndinamuuza kuti ndili ndi anansi abwino. Ndinanena ndi mtima wonse.

Ndinali ndi chifukwa chonenera choncho. Mu mdadada wa nyumba zathu tinali ndi mwambo umene tinkaunyadira. Pakagwa maliro, amayi awiri ankayenda khomo ndi khomo ndi beseni, ndipo nyumba iliyonse inkathiramo mbale imodzi ya ufa. Ena ankaonjezapo nkhuni, ena nyemba, ena kabichi, kuti okhuza maliro adye. Panalibe wokana, chifukwa aliyense ankadziwa kuti maliro n'kulirana. Woyang'anira zonsezi anali mayi Kamwendo, apampando a komiti ya maliro, akazi a kalaliki wa mu ofesi ina ya boma, munthu wadongosolo amene ankadziwa kuti mapoto aakulu ali kwa yani ndiponso kuti tenti akabwereke kuti. Ine zaka zonse zimene ndinakhala ku 25 sindinaphonyepo mbale yanga, ndipo kawirikawiri beseni lija linkakhala pamutu panga. Akulu amati kupatsa n'kuika. Ine ndinkaganiza kuti ndinaika.

Ndinasiyira ana ufa wokwana theka la ndowa ndi nyemba pang'ono, n'kupita kukatsanzika kwa mayi Kamwendo. Anandilandirira panja, ataima patali. Anati ndisadandaule, anawo aziwaona. Kuwaona anawaonadi, ndi maso.

Wodi ya amayi a TB inali yodzaza. Mabedi onse anali ndi anthu, ena ankagona pansi pakati pa mabedi, ena pakhonde. Ine anandipatsa bedi la pafupi ndi zenera chifukwa sindinkatha kuima nthawi yaitali. M'mawa uliwonse namwino ankabwera ndi thireyi, ife n'kufola, aliyense atagwirira chitenje mbali imodzi. Jakisoni ankabaya m'thako, lero kumanja mawa kumanzere, mpaka malo obaya anatha, ponseponse pali mibulu yokhayokha, moti kukhala pansi kunali ntchito. Kenako mapiritsi odzaza dzanja, kumeza namwino akuona. Mkodzo unasanduka wofiira, ndipo ndinachita mantha mpaka anandiuza kuti ndi mankhwalawo. M'makutu munkalira ngati muli nyenje, ndikadzuka msanga chizungulire. Lolemba tinkakwera sikelo. Nthawi yotsala yonse inali yodikira: kudikira dokotala, kudikira chakudya, kudikira nthawi yoona odwala ngakhale ukudziwa kuti wako sabwera.

Chakudya cha chipatala chinali phala m'mawa, nsima ya nyemba masana ndi madzulo. Odwala amene anali ndi magadiyani, abale owasamalira, ankaphikiridwa zina kunja. Ine gadiyani ndinalibe. Itatha milungu itatu mankhwala anayamba kugwira. Thukuta linasiya, magazi anasiya, ndipo kunabwera njala yolusa imene sindinaimvepo chibadwire. Ndinauza namwino wina wachikulire, mayi wa mawu ochepa amene ankatibaya masiku ambiri. Anangoti: "Ikakupwetekani njala ndiye kuti mukuchira. Idyani chilichonse chimene mwapeza."

Wa mu mdadada wathu sanabwere ndi mmodzi yemwe. Feliya yekha ndiye ankabwera Lamlungu akapeza womukweza, poti kuchokera ku 25 kufika m'tauni si ulendo woti mwana n'kuyenda wapansi. Ana sankaloledwa kulowa mu wodi yathu, choncho tinkalankhulana pazenera. Ndikamufunsa za kunyumba ankati zonse zili bwino, akudya, akupita kusukulu. Mwana wanga anali ataphunzira kunama kuti ine ndigone mwamtendere.

Lamlungu loyamba la Febuluwale anabwera atabereka Lonjezo. Mwana wa zaka zisanu, wothamanga ngati mbuzi, ali kumsana. Ndinatuluka panja kukawaona. Tsitsi la Lonjezo linali litafiira n'kunyololoka, masaya atatupa, mapazi atatupa. Ndinadina phazi lake ndi chala, chala chinasiya kadzenje kamene sikanabwerere. Pamenepo Feliya sanathenso kubisa. Ufa unali utatha kalekale. Sukulu anasiya. Ankapita kuchigayo kukasesa zogwa pansi, n'kumawiritsa bonongwe wa m'mbali mwa msewu, nthawi zina wopanda mchere. Anapitapo kwa mayi Kamwendo, ndipo anamuthirira ufa pang'ono papepala, osati m'mbale, kuopa kuti mbale yawo ingalowe m'nyumba mwathu. Atapitanso anamuuza kuti komiti ndi ya maliro, si ya matenda. Amene ankawakumbukira anali Anajere okha, mayi wophika kachasu kumapeto kwa mdadada, amene amayi a kumpingo sankawawerengera. Iwowo ankawagawira madeya awo ophikira mowa, koma nawonso anali ndi zidzukulu zodzaza nyumba.

Ndinawapatsa ana nsima yanga ya masana, n'kuwaona akuidya ataima. Sindinalire. Chimene chinandigwira si chisoni, unali mkwiyo, wotentha kuposa malungo onse amene ndinadwalapo. Ndinaganiza za mabeseni onse amene ndinasenza, utsi wonse umene ndinapuma kuphikira anthu obwera kudzaimba nyimbo kwa munthu amene sakumvanso, pamene mwana wanga wamoyo akutupa mapazi anthu akupita kumpopi n'kumamudutsa.

Lachitatu sabata yomweyo anandichotsa pabedi. Namwino anati: "Inu mwayamba kuyenda, bedili tipatse wina." Ndinakayala pakhonde la kuseri, ndipo pabedi panga anagonekapo mtsikana wina amene anabwera atamunyamula. Mtsikanayo anamwalira mawa lake masana. Monga mwa nthawi zonse, matiresi anawatulutsa kukayanika padzuwa, bedi n'kutsala zitsulo zokhazokha.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinauza namwino wachikulire uja kuti ndikufuna kupita kwathu. Anaika thireyi pansi n'kunena: "Mayi, mukadumphitsa jakisoni TB idzabwerera, ndipo ikabwerera sidzamvanso mankhwalawa. Ndaona ambiri athawa muno n'kubwerera pamachira. Anawo mudzawasiyira ndani?" Ine ndinamufunsa kuti nanga ndikatsala muno mwezi wina wathunthu, wamng'onoyo ndikamupeza? Anatola thireyi yake n'kupita.

Lachisanu m'mawa, nditabayidwa, ndinagulitsa chitenje changa chimodzi kwa gadiyani wina kuti ndipeze yokwerera, ndipo ndinatuluka pageti pamodzi ndi anthu odzaona odwala. Maganizo anga anali oti ndikapemphe ufa ndi mafuta kwa mnzanga wa pageti ndiyambenso mandasi, ogula akhalepo kapena ayi. Kubwerera kuchipatala sikunali m'mutu mwanga. Ndinkadziwa zimene namwino ananena, ndipo sindinkamutsutsa. Ndinangosankha kuti ngati wina ayenera kufa, asayambe mwana.

Nditatsika minibasi ndinayenda pang'onopang'ono, kupumira pamtengo uliwonse. Pokhota kulowa njira ya kwathu ndinapeza masamba atayalidwa pamsewu, chizindikiro cha maliro. Kenako ndinamva nyimbo. Kenako ndinaona tebulo langa ndi mipando yanga zili panja, tenti atamanga pakhomo panga, abambo atakhala pansi pake. Mtima unangoti Lonjezo.

Abambo amene anayamba kundiona anaimirira, ena n'kubwerera m'mbuyo. Nyimbo m'nyumba inazilala pang'onopang'ono, mmodzimmodzi akusiya. Feliya anatuluka atamanga mpango kumutu, maso atatupa ndi kulira. Anaima osasuntha, kenako anabwera n'kundigwira mkono, n'kuufinya ngati akuyesa tomato pamsika. Ndinamufunsa kuti mlongo wake ali kuti. Analoza kuseri kwa nyumba. Kumeneko moto unali utayaka m'mafuwa angapo, mapoto aakulu a komiti ali pamoto, ndipo Lonjezo anali atakhala pachidina ndi mbale ya nyemba pamiyendo, akudya ndi manja onse awiri. Maliro anali anga. Mwana wanga anali kudya chifukwa ine ndinali nditafa.

Zimene zinachitika ndinazimva pomwepo. Lachinayi madzulo mayi Kamwendo anapita kuchipatala kuja. Sanapite kukandizonda. Anapita kukaona pamene ndafika, kuti komiti ikonzeretu galimoto ya ku Ntcheu poti inali nyengo ya mvula. Mu wodi sanalowe. Anasuzumira pazenera limene Feliya anawauza, kansalu kali pamphuno, n'kuona bedi lopanda matiresi. Anafunsa gadiyani wina amene anali pafupi za mayi wa pabedi limenelo, ndipo iye anawauza zoona, kuti wamwalira masana. Dzina sanafunse, kwa namwino sanapite. Anali atandiika kale m'manda mumtima mwawo, ndiye bedi lija linangowavomereza. Anabwerera n'kuuza ana anga kuti amayi awo atisiya, ndipo m'mawa abambo ena anapita kumochale ndi galimoto yobwereka kukatenga thupi langa.

Ndinayang'ana zimene zinali kuseri kwa nyumba yanga. Thumba la ufa lodzaza mpaka kukamwa, lina lofika pakati. Ndowa ya nyemba. Kabichi, tomato, mchere, shuga, ngakhale botolo la mafuta. Mulu wa nkhuni wofika m'chiuno. Zonsezi zinasonkhedwa madzulo amodzi ndi m'mawa umodzi, m'mwezi wa njala, kuchokera m'nyumba zomwe zija zimene zinkamuuza Feliya kuti nafenso tilibe. Chakudya chinalipo nthawi yonseyi, chinkangodikira kuti nditsirizike.

Mayi Kamwendo anabwera akukonza chitenje, n'kuima patali monga mwa masiku onse.

"Amake Feliya, tithokoze Mulungu kuti muli moyo, kwangochitika kulakwitsa basi. Koma zinthuzi sizingatsale pano. Ufa wa maliro sukhala pakhomo pa munthu wamoyo, kumeneko n'kulaula. Aliyense atenge mbale yake, zotsalazo ndikasunga kwathu podikira maliro ena."

"Ndiye ana angawa adye liti?" ndinawafunsa. "Ndife kaye?"

"Si choncho ayi, koma komiti ili ndi malamulo ake. Tikayamba izi, aliyense womva mutu azifuna ufa."

Ndinapita pathumba lodzaza lija n'kukhalapo, mibulu ya jakisoni ikubaya. Mwina miyendo ndi imene inatopa, mwina ndi mkwiyo, sindidziwa. Ndinati wofuna ufa wake abwere andichotse yekha, andigwire ndi manja ake. Ndinkadziwa kuti palibe amene angayerekeze kukhudza munthu wa chifuwa.

Anajere anachoka pamoto, mthiko uli m'manja. Anali mayi wamfupi, wa mawu okhakhala, wozolowera kuthamangitsa oledzera.

"Amayi inu manyazi mulibe? Dzulo lomweli mumalira muno kuti kalanga ana amasiye, tiwatani ana amasiye. Lero amawo abwera, ndiye anawa akhuta? Mbale yanga ine sinditenga. Ndipo ndimuone amene adziwe ufa wake m'menemu, woyera ndi mgaiwa zasakanikirana."

Ena anaweramitsa mitu n'kumachoka mwakachetechete. Koma musaganize kuti onse anachita manyazi. Alipo amene anapita kukatenga mbale zawo n'kubwera kudzatapa m'thumba lofika pakati lija, ine ndikuona, ana anga akuona. Mmodzi anatapa mbale yosefukira pamene anabweretsa yosadzaza, ndipo Anajere anamuuza pamaso. Amayi amenewo ndimawadziwa, timapatsana moni pampopi, ndipo sindinaiwale. Mayi Kamwendo anatenga shuga, mafuta, tenti ndi mapoto, nyemba zophika atazikhuthulira m'beseni langa lochapira. Abambo a kumochale anabwerera opanda kanthu, atauzidwa kuti dzina langa kulibe. Wachikulire pakati pawo anayang'ana mapazi a Lonjezo n'kunena kuti nkhuni ndi ndowa ya nyemba zisachoke. Thumba lodzaza linatsala pansi panga.

Anthu atatha, Anajere anandiyang'ana n'kunena: "Tsopano inuyo nyamukani, ana adya. Mukagona pano sabata ino sitha, tidzamanganso tenti yeniyeni." Ndinafuna kukana, koma anali atabereka kale Lonjezo. Anandiperekeza masana omwewo. Mwanayo anakamusiya kumbali ya ana, kumene anamugoneka masiku angapo n'kumamupatsa mkaka ndi phala la soya, ndipo ine ndinabwerera pakhonde langa. Namwino wachikulire uja atandiona sanandikalipire. Anangoti: "Mwabwera? Mawa m'mawa pamzere." Sindinadumphitse jakisoni ngakhale mmodzi.

Kuyambira sabata imeneyo Anajere anatenga beseni n'kumayenda khomo ndi khomo Loweruka lililonse, akuti akusonkha ufa wa amoyo. Komiti inakana kuzilowerera. Ena ankatseka zitseko n'kumati ufawo akaphikira kachasu. Opereka ambiri anali anzathu a m'nyumba za lendi, amene mbale imodzi inali yowawa kuitulutsa. Ufawo sunali wambiri, koma pamodzi ndi thumba lija unawafikitsa ana anga mpaka chimanga chachiwisi chinayamba kupezeka. Pambuyo pake beseni lomwelo linathandizanso bambo wina wa mdadada wathu amene anathyoka mwendo kuntchito, ndi mayi wina amene mwamuna wake anamangidwa.

Ndinatuluka m'chipatala kumayambiriro kwa Malichi, makhololo atawayezanso n'kupeza kuti tizilombo tatha. Mwezi uliwonse ndinkapita kukatenga mapiritsi ndi kukwera sikelo. Mphamvu zinabwerera mochedwa. Poyamba ndowa ya madzi inkandikanika, ndipo ndikayenda pang'ono ndinkapuma ngati ndakwera phiri. Mapiritsi ndinamaliza mu Seputembala. Khutu la kumanzere silinabwerere mwakale, ndipo dokotala anati ndi jakisoni uja. Nditayamba kunenepa makasitomala anabwerera, ndipo amayi omwe aja amene ankatsuka mpopi anayamba kundiuza kuti iwo ankadziwa kuti ndichira, ankandipempherera. Ndinkangowayang'ana.

Patapita zaka ziwiri, ndikudutsa kuseri kwa nyumba ya mayi Kamwendo, ndinamva chifuwa. Chifuwa chimenecho ndimachidziwa ngati mawu a mwana wanga. Anali Sitefano, mwana wawo wamwamuna amene anali atangomaliza sekondale, mnyamata waulemu amene ankandipatsa moni ngakhale masiku amene ena ankandithawa. Anali atasowa pamsewu kwa milungu ingapo, akuti anapita kwa amalume ake. Ndinatenga mbale ya ufa ndi mazira n'kukagogoda. Ndinawauza mayi ake kuti amutengere kuchipatala tsiku lomwelo, kuti ine ndine umboni woti matendawa amachira, kuti ndikhoza kuwaperekeza n'kuwaonetsa khomo loyenera. Anaima pakhomo osandilowetsa. Anati kuno kulibe wodwala, ndi chimfine chabe, ndipo iwo sanafike posonkheredwa ufa ngati anthu ena. Mbale yanga ndinabwerera nayo. Ndinapitanso kachiwiri, anandiyankhira pazenera.

Anamutengera kuchipatala atasiya kale kuyenda, atamufunditsa bulangeti kumutu kuti anthu asamuone. Sanathe sabata. Pa maliro ake ufa unadzaza matumba, nyemba zinachita kutsala. Beseni ndinasenza ndine, mbale yanga ndinathira, ndipo ndinaphika nawo kuseri. Sindinakondwe, Mulungu ndi mboni. Ndinkavundula nsima ndi mkwiyo womwe uja, poona chakudya chonsecho chikuphikidwira mnyamata amene akanachira akanapita msanga, amene anabisidwa kuchipinda chifukwa choopa pakamwa pa anthu omwe anali kudya pamenepowo.

Lero papita zaka zinayi chichirire changa. Ndili bwino, ndimasenza ndowa yodzaza, ndimakazinga mandasi monga kale, kungoti mbaula ndimaiika panja. Kukazizira pachifuwa pamathina pang'ono, ndipo wondilankhula ayenera kuima kumanja. Feliya anabwereza kalasi imodzi, pano ali kusekondale. Lonjezo ndi wamfupi poyerekeza ndi anzake, koma amathamanga. Miyendo ya Anajere inayamba kuvuta, choncho beseni la Loweruka ndimayenda nalo ndine. Zitseko zina zimatsekedwabe ndikafika, ndipo ndimagogoda kawiri kuti adziwe kuti ndawaona.

Inu amene mukutsokomola mwezi n'kutha, mukutuluka thukuta pogona, zovala zikukukhwepani, pitani kuchipatala tsopano. Musataye nthawi ndi mapiritsi a pa okala ndi mizu ngati mmene ndinachitira ine, ndipo musaope zonena anthu, chifukwa anthuwo adzanena mukapita, adzanenanso mukapanda kupita. Akakuyambitsani mankhwala malizani onse, ngakhale matako atupe. Ndipo inu okhala moyandikana ndi wodwala, mbale ya ufa imene mwamusungira ya tsiku lake lomaliza mupatseni lero, akadali ndi pakamwa, ana ake asanatupe mapazi. Za maliro anga musadzavutike kusonkha. Ufa wake tinadya kale.